MTOLO WOSOWA LUZI: MBIRI YA DAVID HUME NDI FUNSO LA MWINI MTIMA

Akulu akale anasiya mwambi wakuti, "Mtima wa mnzako ndi tsidya lina." Pakutero anaphunzitsa ana ao kuti palibe munthu akhoza kulowa m'maganizo a mnzace ndi kuona zimene zirimo. Koma m'mwambi womwewo mwabisala ciphunzitso cina, cimene anthu ambiri amacilandira osacifunsa, ndico cakuti mtima wa munthu mwini uli tsidya lino, ndi kuti iye audziwa monga adziwa njira ya ku munda kwace. Munthu akafunsidwa pabwalo cifukwa cimene anacitira kanthu, amayankha wosakayika, poyesa kuti mboni ya za mumtima mwace ndi iye yekha, ndi kuti mboniyo singalakwe. Nkhani ino ndi mbiri ya anthu ena anzeru amene anaimika mboni imeneyi pabwalo naipanikiza ndi mafunso, makamaka ya mmodzi wa iwo, David Hume wa ku Scotland, amene analowa mumtima mwace kukafuna mwini mtimawo, nabwerako cimanjamanja.

Mbiriyi iyenera kuyambira pa René Descartes, Mfalansa wobadwa m'caka ca 1596, amene anaphunzira pa sukulu ya ansembe a Cijezuwiti m'mudzi wa La Flèche, nakhala msilikari kanthawi. Munthuyu anatopa ndi mikangano ya ophunzira, natsimikiza mtima kutaya ciri conse cimene cikhoza kukayikidwa, kuti aone ngati padzatsala kanthu. Anataya umboni wa maso ndi makutu, pakuti izi zimanyenga nthawi zina: ndodo yoongoka ikabviikidwa m'madzi imaoneka yothyoka. Anakayika ngakhale thupi lace, pakuti wolota amaona kuti alikuyenda pamene ali gone pamphasa. Koma atataya zonsezi anapeza cinthu cimodzi cokana kutayika, ndico kukayika komweko. Ndipo anati kukayika sikungakhalepo popanda wokayikayo. Anafotokoza zimenezi m'mabuku ace a m'zaka za 1637 ndi 1641, naphunzitsa kuti munthu adziwa mzimu wace bwino koposa umo adziwira thupi lace kapena kanthu kena kali konse. Pambuyo pace sing'anga Mngerezi, John Locke, anaonjeza kuti nzeru zonse zimalowa mwa munthu pa makomo awiri okha: khomo la kubwalo, ndilo maso, makutu, mphuno, lilime ndi khungu, ndi khomo la m'kati, ndilo kudziyang'ana kwa mtima pamene uli pa nchito yace. Motero ophunzira a masiku aja anakhulupirira kuti m'kati mwa munthu muli kuunika kosazima.

David Hume anabadwa ku Edinburgh m'caka ca 1711. Atate wace anamwalira iye ali wa zaka 2, ndipo analeredwa ndi amace pa munda wa banja lao wochedwa Ninewells, kufupi ndi malire a Scotland ndi England. Popeza anali mwana wamwamuna waciwiri, mundawo unali colowa ca mkulu wace, ndipo abale anafuna kuti iye aphunzire malamulo kuti akadzidyetse yekha. Analowa Yunivesite ya Edinburgh akali mnyamata wosafika zaka 13, koma mabuku a malamulo anamtopetsa. Mtima wace unali pa mafunso akuya a nzeru. Anawerenga usana ndi usiku kufikira anadwala m'caka ca 1729, ndipo nthendayo, imene inali yofooketsa thupi ndi mtima womwe, inakhala naye zaka zingapo. M'caka ca 1734 anayesa nchito ya ukalaliki kwa wamalonda a suga ku Bristol, koma patapita miyezi yowerengeka anaileka, naolokera ku France. Kumeneko anakakhala ku La Flèche, mudzi womwe uja anaphunzirako Descartes, cifukwa zinthu zinali zochipa ndipo ansembe anali ndi nyumba yabwino ya mabuku. M'mudzi umenewo mnyamata wosauka wa zaka ngati 25 analemba buku lochedwa A Treatise of Human Nature, limene linagwedeza nyumba imene Descartes anamanga.

Njira ya Hume inali yapafupi. Anati ganizo liri lonse loona liri ndi gwero lace m'cinthu cimene munthu anayamba wacimva. Wodziwa kuzuna kwa uci ndi amene anaulawa, ndipo wakhungu cibadwire sadziwa kufiira. Tsono ngati munthu anena kuti adziwa cinthu cochedwa "ine," cimene cikhala cimodzimodzi kuyambira ubwana kufikira ukalamba, ayenera kuloza kumene anacimva. Ndipo cakumvaco ciyenera kukhala cosasinthika, copezeka mwa iye masiku onse a moyo wace. Hume anakhala cete nadziyang'ana m'kati, monga Locke analangiza. Nthawi iri yonse anapezamo kanthu: mwina njala, mwina kulira kwa belu, mwina kukumbukira kwao, mwina cimwemwe kapena mkwiyo. Zinthu izi zinadza ndi kupita, cina pambuyo pa cinzace, mofulumira koposa. Koma mwini wace wa zinthuzo, amene akhala duu pamene izo ziyenda, sanampeza konse. Anapeza njala, koma wanjalayo sanamuona payekha. Anapeza ganizo, koma woganizayo sanaoneka. Ndipo anakumbutsa kuti munthu akagona tulo tatikuru topanda maloto, zakumva zonse zitaleka, sipatsala kanthu kamene angakachule kuti ndi iye.

Potero Hume ananena poyera kuti munthu ndiye mtolo wa zakumva ndi zoganiza zosiyanasiyana, zotsatana kosalekeza. Mkazi akatula mtolo wa nkhuni nayamba kusolola nkhuni imodzi imodzi, pomariza sipatsala cinthu cina cochedwa mtolo. Mtolowo unali nkhuni zomwezo. Nanga cifukwa ninji munthu ali yense amadziyesa mmodzi? Hume anayankha kuti zakumva za lero zimafanana ndi za dzulo, ndipo cina cimabala cinzace, ndipo cikumbumtima cimaziika pa mzere. Tsono maganizo amatsetsereka pa mzerewo mosabvutika, nayesa kuti ndi cinthu cimodzi. Iye anafanizira munthu ndi dziko limene anthu ace amabadwa ndi kufa, malamulo ace nasinthika, koma dzina la dziko likhalabe. Woganiza za mudzi wa kwao adzamvetsa msanga: nyumba zonse zinagwa nizimangidwanso, amene anaukhazika anagona kale kumanda, mwina mudziwo unasamukira pa dambo lina, koma anthu amauchulabe ndi dzina lakale. Umodzi wa mudziwo uli m'kulumikizana kwa mibadwo ndi m'pakamwa pa anthu. Palibe mtengo umodzi wobisika pansi umene ndiwo mudzi weniweni.

Zigawo ziwiri zoyamba za bukuli zinasindikizidwa ku London m'caka ca 1739, popanda dzina la mlembi, ndipo ogula anali owerengeka. Koma m'caka ca 1740, potulutsa cigawo cacitatu, Hume anacita cinthu cimene anzeru ambiri sacita. Pa mapeto a buku anaika mau oonjezera, m'mene anabvomera kuti atawerenganso zimene analemba za umodzi wa munthu, anapeza kuti wasokera, ndipo sadziwa pokonzera. Anali atagwira mfundo ziwiri: yoyamba, kuti cakumva ciri conse ndi cinthu capacokha, yaciwiri, kuti mtima suona konse comangira ceniceni pakati pa zinthu zapazokha. Sanathe kutaya imodzi ya mfundozi, ndipo sanathe kufotokoza, ali nazo zonse ziwiri, cimene cimasonkhanitsa zakumva za munthu mmodzi kuti zikhale zace, zosati za mnzace. Kunena mwa fanizo lija, nkhuni anaziwerenga zonse, koma luzi lomangira mtolo sanaliona. Ndipo nkhuni zopanda luzi ziri mbalalika cabe. Mlanduwo anausiya wosatha, ndipo m'buku lina limene analemba m'caka ca 1748 pofupikitsa ciphunzitso cace, nkhani ya umodzi wa munthu anaisiyiratu.

Munthu angafunse ngati maganizo otere sanamcititsa misala. Hume mwini anafotokoza kuti nthawi zina anamgwetsa m'cisoni ndi mantha, koma kuti cibadwidwe ca umunthu cinamciritsa pamene nzeru inalephera. Akacoka pa mabuku nakadya ndi abwenzi, nasewera nao ndi kuseka, zokayika zonse zija zinazirala. Pobwerera ku cipinda cace zinaoneka ngati zopanda mphamvu. Kotero iye sanaphunzitsa kuti munthu aleke kubweza ngongole ya dzulo ponena kuti wokongolayo anali wina. Anaphunzitsa kuti munthu amakhulupirira umodzi wace mwa cizolowezi ndi cibadwidwe, monga amapuma mpweya, wosakhala ndi umboni umene amayesa kuti ali nao.

Koma anthu a mpingo anaona coopsa m'mau amenewa, ndipo mantha ao sanali opanda cifukwa. Ngati palibe mwini mmodzi wokhazikika m'kati mwa munthu, nanga cimene cidzaima pa ciweruzo atafa nciani? M'caka ca 1745 Hume anafuna mpando wa uphunzitsi pa Yunivesite ya Edinburgh, koma abusa a mumzinda anamtsutsa, ndipo anamanidwa. Patapita zaka zowerengeka anamanidwanso ku Glasgow. Sanakhala mphunzitsi wa yunivesite moyo wace wonse. M'caka ca 1752 analandira nchito yosunga nyumba ya mabuku ya odziwa malamulo ku Edinburgh, ndipo ali m'menemo anayamba kulemba mbiri ya England, imene inatuluka m'mabuku 6 pakati pa 1754 ndi 1762, nimpatsa cuma ndi dzina. Anamwalira pa 25 August 1776. James Boswell, amene anakamzonda milungu yowerengeka imfa isanafike, anazizwa kumpeza wodekha ndi wanthabwala, wosayembekeza moyo wina ndi wosaopa.

Otsutsana naye anali anthu anzeru ndithu. Thomas Reid, amene anali mbusa asanakhale mphunzitsi ku Aberdeen ndi ku Glasgow, anayankha kuti ganizo lopanda woganiza ndi cinthu cosamveka. Munthu si maganizo ace kapena zocita zace, koma ndiye amene aganiza ndi kucita. Funso la Reid linali lolasa: amene analowa m'kati kukafuna, nabwera kudzanena kuti sanapeza munthu, anali yani? Ku Königsberg, Immanuel Kant, amene anabvomera kuti kuwerenga Hume kunamgalamutsa, anaweruza pakati m'buku lace la m'caka ca 1781. Anati nzoona kuti "ine" sapezeka ngati cinthu coonedwa m'kati, koma zakumva zonse za munthu ziyenera kukomana pamodzi kuti zikhale cidziwitso, ndipo pokomanirapo ndi pamene munthu amati "ine." Diso liona zonse, koma silingatembenuke kudziona lokha. Motero Kant anabweza woganizayo pamalo pace, koma anakana kuti munthu akhoza kumdziwa monga Descartes anayesa.

Kufikira pamenepa mlanduwu unali wa anthu okhala pa mipando ndi kuganiza. Koma m'caka ca 1879 Wilhelm Wundt anatsegula ku Leipzig nyumba yoyesera za maganizo, monga asing'anga ayesera za thupi. Anthu anaphunzitsidwa kuchera khutu ku kaphokoso kapena kuyang'ana kuunika, ndi kufotokoza mosamala cimene cinacitika m'kati mwao. Ciyembekezo cinali cakuti mboni zophunzitsidwa bwino zidzagwirizana. Koma sizinatero. Kuyambira m'caka ca 1901 ophunzira a Oswald Külpe ku Würzburg ananena kuti podziyang'ana anapeza maganizo ena opanda cithunzi kapena liu liri lonse m'mutu. Edward Titchener ndi ophunzira ace ku Cornell, m'dziko la America, anadziyang'ana iwonso, nanena kuti maganizo otere kulibe, ndi kuti anzao aja sanayang'anitsa. Anthu awiri akakangana za kutalika kwa cingwe, wacitatu akhoza kudza ndi muyeso nathetsa mkangano. Koma pano panalibe wacitatu, pakuti mtima wa mboni iri yonse unali tsidya lina kwa inzace. Mkanganowo unatha wopanda wopambana, ndipo m'caka ca 1913 John Watson wa ku Johns Hopkins analalikira kuti ophunzira za maganizo aleke kufunsa anthu za m'kati mwao, ayang'ane zocita zao zokha.

Pambuyo pace anthu anapeza njira yoyesera mboniyo pa nkhani imodzi, ndiyo ya zifukwa. M'caka ca 1977 Richard Nisbett ndi Timothy Wilson a pa Yunivesite ya Michigan anafalitsa zotsatira za mayeso ao. M'mayeso amodzi anayala pa gome masokosi a akazi mapeyala 4, napempha anthu odzagula zinthu kuti asankhe abwino koposa. Masokosiwo anali ofanana onse. Anthu ambiri anasankha a kumapeto kwa dzanja lamanja, ndipo osankha amenewa anaposa osankha a kumapeto kwa dzanja lamanzere pafupifupi kanai. Pofunsidwa cifukwa, anachula kufewa kwa nsaru, kulukidwa kwace ndi zina zotere. Panalibe anachula malo pamene masokosiwo anaikidwa, ndipo atafunsidwa za malowo pafupifupi onse anakana. M'caka ca 2005 Petter Johansson ndi Lars Hall a ku Lund, m'dziko la Sweden, anapitirira apo. Anaonetsa munthu zithunzi ziwiri za nkhope za akazi kuti aloze yokongola kwa iye, ndipo mwa kucenjera kwa manja nthawi zina anampatsa cithunzi cimene anacikana, namfunsa cifukwa cimene anacisankhira. Mwa zosinthanitsa zinai ziri zonse, cimodzi cokha ndico cinazindikirika. Pa zinazo anthu anafotokoza mosadodoma zifukwa za cisankho cimene sanacita, ena nachula zinthu zopezeka pa nkhope yokanidwayo yokha.

Anthuwa sananame, pakuti wabodza adziwa coona nacibisa. Iwo anapanga cifukwa coyenera nthawi yomweyo, nacimva ngati cikumbukiro. Mayesowa satanthauza kuti munthu sadziwa kanthu za m'kati mwace. Womva dzino kuwawa safuna mboni ina. Cimene anaonetsa ndi cakuti pa funso la cifukwa cimene anakondera ici nakana ico, munthu kawirikawiri amaganizira za iye mwini monga angaganizire za mlendo, ndipo sazindikira kuti alikuganizira cabe.

Tsono nkoyenera kubwerera kwa Hume, pakuti m'moyo wace muli citsanzo cowawa ca cinthu comweci. M'caka ca 1753 anaonjezera mau a m'munsi pa nkhani yace ya makhalidwe a mitundu ya anthu, m'mene ananena kuti ayesa anthu akuda, ndi mitundu yina yonse yosakhala yoyera, ocepa nzeru mwa cibadwidwe, ndi kuti pakati pao sipanaoneke luso kapena maphunziro. Atamva za munthu wakuda wophunzira wa ku Jamaica, anamfanizira ndi mbalame yoyeseza mau a anthu. Hume sanapondepo mu Africa. Iye amene anaphunzitsa kuti munthu anzeru amayesa cikhulupiriro cace pa muyeso wa umboni, pano anaweruza mitundu yathunthu wopanda umboni. Ndipo umboni wotsutsa unalipo, pa nkhani yace yomwe. M'caka ca 1734, caka comwe iye anaolokera ku France, munthu wa ku Axim, m'dziko limene lero lichedwa Ghana, dzina lace Anton Wilhelm Amo, analandira udokotala wa nzeru zakuya pa Yunivesite ya Wittenberg. Colemba cace cinali ca mzimu ndi thupi, ndipo m'menemo anatsutsa Descartes, nati kumva zinthu ndi nchito ya thupi lamoyo, yosati ya mzimu. Pambuyo pace Amo anaphunzitsa ku Halle ndi ku Jena. Anaimirira pamaso pa ophunzira a yunivesite, mwai umene Hume anamanidwa kwao.

Hume anadzudzulidwa akali moyo. M'caka ca 1770 James Beattie wa ku Aberdeen anamkumbutsa m'buku kuti makolo a anthu a ku Britain ndi France omwe anali osatukuka zaka 2,000 zapitazo, ndi kuti kapolo womanidwa sukulu sangakhale muyeso wa nzeru za mtundu wace. Hume sanacotsa mau aja. Anangowakonza kuti aloze anthu akuda okha, ndipo anatuluka cotero m'buku losindikizidwa m'caka ca 1777, iye atafa. M'caka ca 2020 Yunivesite ya Edinburgh inacotsa dzina lace pa nyumba yaitali imene inachedwa ndi dzinalo, cifukwa ca mau omwewo. Munthu amene anakayika ngakhale mwini mtima wace sanakayika ganizo limene linamkomera iye ndi anthu a mtundu wace, m'masiku amene suga wa ku Bristol ankalimidwa ndi akapolo. Akadafunsidwa, akadayankha moona mtima kuti alikutsata umboni, monga aja anatsata kufewa kwa masokosi.

Funso lalikuru, lakuti m'kati mwa munthu muli mwini mmodzi kapena mtolo cabe, anzeru akali kukangana nalo, ndipo luzi limene Hume analisowa palibe analionetsa poyera. Koma pa zaka zonsezi patuluka cinthu cimodzi cogwirika, cimene ciri ndi nchito kwa mnyamata kapena mtsikana wotuluka sukulu. Tsiku lina iye adzakhala kalaliki wosankha pakati pa opempha nchito awiri, kapena mphunzitsi wolanga mwana uyu nalekerera uyo, kapena nkhoswe yoweruza mlandu wa m'banja. Adzadzifunsa ngati wacita cilungamo, ndipo mtima udzamyankha msanga kuti inde, numpatsa zifukwa zokoma. Yankho limenelo ndi umboni wa mboni imodzi, ndipo mboniyo ndi mbale wa woimbidwa mlandu. Wofuna kudziwa coona adzawerenga zocita zace za caka cathunthu, aone ngati onse amene anawakondera ali a mudzi umodzi. Ndipo adzamvera mnzace womuona kucokera kubwalo, ngakhale mau ace awawe. Beattie anamtsina khutu Hume, koma Hume anamuyesa mdani, nafa ndi colakwa cace. Akulu amene anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina ndi omwewo anatinso, "Wakutsina khutu ndi mnansi."